Nsapato Zoyang'ana M'nyumba

Ana a sukulu ndiwo anawapatsa dzina loti Mayi Shii, ndipo dzinalo linawakanirira ngati chingamu kunsi kwa tebulo. Anali atagwira ntchito mulaibulale ija zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo palibe anakhosomolamo kawiri osamva "shii" kuchokera kuseri kwa kauntala. Mnzawo wa ntchito anali mmodzi yekha, bambo wadazi amene aliyense ankangowatcha a Chidindo, poti ntchito imene ankaikonda kuposa zonse inali yodinda tsiku lobweza buku. Ankadinda ndi mphamvu zonse ngati akupha mphemvu.

Laibulaleyo inali ndi kachitidwe kake. Mkati mwa chikuto chakumapeto cha buku lililonse la nkhani zopeka munkamatidwa envulopu, ndipo wowerenga akamaliza ankatha kulemba maganizo ake pakapepala n'kuponyamo, osalemba dzina. Maenvulopu ambiri ankangokhala opanda kanthu, kapena kukhala ndi kapepala kamodzi ka munthu waulesi wolemba kuti "labwino" basi. Koma panali buku limodzi lachikuto chobiriwira limene envulopu yake inatupa mpaka kung'ambika, a Chidindo n'kumata ina.

Linali la wamatsenga wofufuza milandu mumzinda waukulu. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala, ankayenda pa basi, ankaopa agalu, ndipo apolisi akagwira njakata ankapita kwa iye mozemba. Iye ankafunsa mboni zimene wapolisi sangazifunse: zogwirira zitseko, mipando ya m'basi, magalasi a kometera. Mlandu waukulu m'bukumo unali wa mtsikana wosowa.

Owerenga ankakangana m'envulopumo ngati ali pamsika. Wina analemba kuti anapsereza mphika chifukwa cha bukuli ndipo wolemba wake ayenera kumugulira wina. Wina anati wamatsengayo ndi chitsiru, mayi wa musitolo ya mankhwala uja akumufuna mitu khumi yonse iye osaona, ndiye matsenga akewo ndi a chiyani. Wina, wa zilembo zikuluzikulu, anati mfiti ndi mfiti basi ngakhale itavala tayi, buku lotere ndi lofunika kuotcha. Pansi pake anawonjezera ndi zilembo zing'onozing'ono kufunsa ngati gawo lachiwiri linafika. Mayi Shii ankawerenga timapepala tonseti, koma bukulo sanaliwerengepo. Nkhani ya mtsikana wosowa sankaifuna, anali nayo yawo kunyumba.

Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo ankamutcha Chisamba ngakhale analinso mzime yemweyo. Bambo ake anamwalira iye akukwawa. Tsono vuto la Mayi Shii linali loti sankatha kuona pepala lolembedwa osaliwerenga, kaya ndi la ndani. Tsiku lina akuyanika matiresi a mwanayo, amene pa nthawiyo anali ndi zaka makumi awiri, anapeza kope lake la zakukhosi. Analiwerenga lonse ataimirira. Zikanathera pomwepo bwenzi ili nkhani ina, pakuti amayi ambiri anachitapo zimenezo n'kukhala chete. Koma iwo anatenga cholembera chofiira, ndipo patsamba limene mtsikanayo analemba za mnyamata wina komanso za mantha amene anali nawo pa mayi ake, analemba m'mphepete liwu limodzi: "Zamanyazi." Kenako anabweza kopelo pamalo pake bwinobwino.

Chisamba atapeza liwulo sanakalipe, sanalire. M'mawa mwake anatulukira khomo la kukhitchini ndi chikwama chimodzi, ndipo panapita zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mayi Shii anapita kupolisi mpaka apolisi anayamba kuwabisalira. Analengezetsa pa wailesi. Katatu konse anawatsegulira kabati ya ku mochale n'kuwaonetsa mwana wa eni. Chimene chinkawadya kwambiri chinali kusadziwa: kaya alire maliro, kaya azisesabe m'chipinda cha mwanayo. Ankasesa, Loweruka lililonse.

Kapepala koyamba kanagwa kokha m'envulopu Lachiwiri lina m'mawa, pamene ankabweza buku lobiriwira lija pashelefu. Kanali kodulidwa ku kalendala yakale, kolembedwa kuseri ndi inki yobiriwira, zilembo zake zopendekera ndi zofanana ngati mpanda womangidwa ndi chingwe. Wolembayo sanatame bukulo, sanalinyoze. Ankangomveka wotopa, ngati kalipentala amene wakhala pampando wogwedera wopangidwa ndi mnzake.

"Tsamba 41. Wolemba wanama. Wamatsenga watola tsitsi m'chipeso kuti apeze mtsikana. Tsitsi silidziwa kanthu, limafa likangochoka pamutu. Za munthu wosowa zimafunsidwa ku nsapato zake."

Mayi Shii anaseka pang'ono cha m'mphuno, n'kukabweza. Anthu olemba zamisala m'maenvulopu sanayambe lero. Koma madzulo atafika kunyumba anapezeka atagwada m'chipinda cha Chisamba, akusuzumira kunsi kwa bedi. Munali nsapato zansalu zoyera, zazingwe, zimene mtsikanayo ankavala popita kukoleji. Sanazigwire. Anangoziyang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka kukatereka tiyi.

Kachiwiri kanabwera Lachinayi. Chodabwitsa chinali choti sabata imeneyo bukulo silinabwerekedwe ndi aliyense. Mayi Shii anali atalibisa dala kunsi kwa kauntala, ndipo anangochokapo nthawi ya nkhomaliro. Anafunsa a Chidindo kuti kunabwera ndani. Iwo anati anthu a masiku onse: madala atatu olimbirana nyuzipepala, atsikana a mayeso, ndi mayi wina wofunsa chimbudzi. Atawaonetsa kapepalako, a Chidindo anakweza magalasi n'kunena kuti kalembedwe kotere kanasiya kuphunzitsidwa iwo asanabadwe, chonsecho iwo si a dzulo.

"Tsamba 96. Makandulo akudawo ndi mawu achilendowo ndi zokongoletsa chabe. Zimachitika masana dzuwa likuswa mtengo. Nsapato zimaikidwa pakhomo limene munthuyo anatulukira, zala zake zitayang'ana m'nyumba. Zikaikidwa sizigwidwanso."

Apa Mayi Shii sanaseke. Anakopera mawuwo kuseri kwa khadi lobwerekera mabuku n'kuika m'chikwama, akudziuza kuti akungosunga poti ndi zachilendo. Munthu amadzinamiza mosavuta kuposa mmene anganamizire mwana wa zaka zitatu. Masiku otsatira ankasuzumira m'envulopu muja kasanu patsiku, ndipo aliyense wolowa ndi cholembera m'thumba la malaya ankamutsatira ndi maso mpaka akhale pansi. Sanagwire aliyense. Kachitatu anakapeza Lachitatu la sabata yotsatira, katapindidwa pakati pa timapepala tina ngati kakhalamo chaka.

"Tsamba 170. Wolemba akuti wamatsenga ndiye waitana mtsikana. Mlendo saitana mwana wa eni. Amaitana ndi amene anamuthamangitsa, ndipo amanena mokweza chimene anachita, chonse, popanda kudziikira kumbuyo. Akangodziikira kumbuyo ayambirenso. Akamaliza anene kuti bwera, kamodzi."

Anawerenga kapepalako ataimirira pakati pa mashelefu. Palibe munthu mulaibulale muja amene ankadziwa za cholembera chofiira. Anthu ankadziwa zoti mwana anasowa basi, ndipo ankawamvera chisoni. Iwo chisonicho ankachilandira ngati munthu wolandira chenje choposa, akudziwa kuti si chake.

Kunyumba ankakhala ndi mng'ono wawo, namwino wa pachipatala chachikulu, mkazi wosakwatiwa, wa pakamwa posachedwa, amene analera Chisamba limodzi nawo. Sanamuuze kanthu. Anadikira Loweruka, mng'onoyo atapita ku ntchito. Anachapa nsapato zija m'mawa, kuziyanika, mpaka zinayera kuti mbee. Dzuwa lili paliwombo anatsegula khomo la kukhitchini n'kuziika pasitepe yakunja, pansi pa denga, zala zitayang'ana m'nyumba. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kunena chimene anachita kunawavuta kuposa mmene ankaganizira. Ulendo woyamba anafika pakati n'kunena kuti ankangofuna kumuteteza, ndipo anayambiranso. Ulendo wachiwiri anati mayi aliyense akanatero. Ulendo wachitatu anati mnyamatayo analidi wosalongosoka. Nthawi yonseyi kunja kunali zii, ngakhale wailesi ya aneba imene sinkazimitsidwa. Ulendo wachinayi anagwira mphuthu ya chitseko n'kulankhula ngati akuwerenga chikalata cha kukhoti.

"Ndinawerenga kope lako lonse. Unalemba kuti umandiopa, ine n'kukulembera kuti zamanyazi. Ndinafuna kuti zikupweteke, ndipo ndinasangalala polemba. Bwera."

Palibe chinachitika. Ntchentche inatera pa chingwe cha nsapato n'kuuluka, wailesi ya aneba inayambiranso nyimbo. Mayi Shii anachita manyazi, mayi wamkulu wa mabuku kulankhula ndi nsapato masanasana, koma sanazichotse. Mng'ono wawo atabwera madzulo anatsala pang'ono kuzimenya theche, ndipo zinatengera kumugwira dzanja n'kumufotokozera zonse, kuyambira pa kope lija. Namwinoyo anamvetsera mpaka kumapeto. Za nsapatozo anati akulu ake ayambe kumwa mankhwala ogonetsa, chifukwa mabuku ayamba kuwazunguza mutu.

Lamulungu m'mawa nsapatozo zinali ndi fumbi. Namwino anati ndi mphepo, ndipo akanakhala wolondola zikanakhala kuti fumbilo linali pamwamba. Koma linali m'mbali ndi kutsogolo, lokwera kuchokera pansi, monga limakhalira pa nsapato zoyendera, ndipo linali lofiira pamene pabwalo pawo panali pa simenti. Pofika masana zingwe zinali zitadzaza chisoso. Pofika chakumadzulo m'mphepete mwa nsapato yakumanja munali phula wakuda wa mumsewu, wofewa, wonunkha. Ukaziyang'anitsitsa sizinkasuntha ngakhale pang'ono. Koma ukangocheuka kuyankha munthu n'kubwezanso maso, unkapeza china chitasintha: chingwe chalendewera, kaudzu kamatirira, nsalu yapindika pa zala.

Mayi Shii anagona chafufumimba pasimenti kuti aone kunsi osazigwira. Chidendene chakumanzere chinali chitayamba kudyeka chakunja. Umu ndi mmene Chisamba ankathera nsapato kuyambira ali mwana, ankaponda mopendeka, ndipo iwo anamukalipira za zimenezi zaka zambiri. Anayandikiza chikhatho pakamwa pa nsapatoyo. Munkatuluka kamfundi ngati m'bulangete limene munthu wangodzukamo.

Chisangalalo chimene chinawagwira chinali choopsa kuchiona. Anayanika zofunda za mwanayo, kukolopa m'chipinda kawiri, kupita kukagula sopo wonunkhira ndi mswachi watsopano. Ankayimba, chinthu chimene mng'ono wawo anali asanachimve kuyambira ali atsikana. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma ndani angauze mayi zimenezo tsiku lotero? Namwino anali atasiya zoseka. Anakoka mpando n'kukhala pakhomo paja manja ali m'chiuno, maso ali pa nsapato, mmene ankakhalira pambali pa wodwala amene sakumumvetsa.

"Achemwali," anatero dzuwa litapendeka, "munthu wobwera kwawo amakwera basi. Uyu bwanji akuyenda wapansi? Nanga bwanji sakupuma?"

Mayi Shii anati mwina alibe ya basi, mwina kumene ali kulibe msewu, ndipo mng'onoyo atatsegulanso pakamwa anamuuza kuti asawalodzere tsiku. M'mawa wa Lolemba kunsi kwa nsapato yakumanzere kunali kutabooka, ndipo mkati munali banga lakuda limene iwo anati ndi matope. Namwino anali pa tchuthi tsiku limenelo ndipo anati sachoka pakhomo. Mayi Shii anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kupita ku ntchito, atalamula kuti mwana akangofika awaimbire foni.

Atafika anatenga kapepala n'kulemba mawu othokoza munthu wa inki yobiriwira uja, kuti aponye m'envulopu. A Chidindo, amene khosi lawo linali lalitali pa zolemba za anzawo, anasuzumira n'kufunsa ngati akuthokoza wa kalendala uja. Anati munthu ameneyo alibe khalidwe. Laibulale inali ndi lamulo limodzi lokha pa timapepala tija, loti kapepala koulula mathero a nkhani kachotsedwe kuti kasawonongere ena, ndipo lamulolo ankalisunga ndi a Chidindo, monyadira. Lachisanu lapitalo, anatero, anapezamo kachinayi ka munthu yemweyo, koyamba ndi mawu oti "Mutu womaliza". Sanawerenge n'komwe mopitirira. Anakachotsa pomwepo, poti anthu asanu ndi awiri anali pamndandanda wodikira bukulo.

Mayi Shii anafunsa kuti anakataya kuti. Mwamwayi a Chidindo sankataya kanthu. Anatulutsa chitini cha mabisiketi m'kabati, chodzaza ndi mathero a mabuku a zaka khumi, n'kuyamba kufufuza mosapupuluma, akunyambita chala. Kanali pamwamba penipeni, kotalikirapo kuposa tinzake.

"Mutu womaliza. Apa ndiye wolemba wanama bodza loopsa. Akuti mtsikana waitanidwa, watsika basi m'mawa mwake, wakumbatira mayi ake. Sizitero. Wakufa akaitanidwa sachedwa, amafika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Wamoyo amadzuka pomwe ali n'kuyamba kuyenda wapansi, molunjika. Saima, sadya, samwa, sagona, samva womuitana, mpaka afike kapena agwe osadzukanso. N'chifukwa chake saitana munthu amene sukudziwa kutalika kwa kumene ali. Wofuna kumasula atembenuze nsapato ziyang'ane kunja, ndipo woyendayo amaima pomwepo. Koma njira ya kwawo imafufutika mwa iye. Ngakhale atadutsa pakhomo pake sangapazindikire, ndipo saitanidwanso kachiwiri. Olemba mabuku azifunsa."

Chimene chinalowa m'mutu mwawo poyamba chinali chimodzi: Loweruka dzuwa linalowa popanda wogogoda. Lamulungu chimodzimodzi. Ndiye kuti mwana ali moyo. Mayi Shii anaseka mokweza pakati pa laibulale, kuseka kwa munthu amene watula katundu wa zaka ziwiri, mpaka mdala wina wa nyuzipepala anatembenuka n'kuwauza kuti shii. Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuwerenga maola kuyambira Loweruka masana. Anali makumi anayi ndi asanu ndi limodzi. Chikwama anachisiya pakauntala, ndipo a Chidindo anatsala akufunsa ngati alakwitsa kanthu.

Anapeza mng'ono wawo atagwada pakhomo la kukhitchini. Nsapato zija sizinalinso zoyera. Nsalu ya kutsogolo inali itanyowa, yofiira kuti psuu, ndipo ntchentche zinali zitayamba kuzungulira. Namwino anawerenga kapepalako kawiri, milomo ikuyenda. Atamaliza sanakalipe, analankhula ndi mawu ake a kuntchito, aja ouzira achibale a wodwala. Anati munthu woyenda padzuwa masiku awiri osamwa madzi magazi amayamba kulemera, impso zimatopa, maso amachita mdima. Tsiku lachitatu palibe dokotala angalonjeze. Anati za mapaziwo asadandaule nazo, mapazi amapola.

Mayi Shii anati mwina ali pafupi. Masiku awiri ndi mtunda wautali, mwina wafika kale kumsika, mwina akukhota pa sitolo ya pakona. Namwino sanatsutse. Anadzuka, kuthamanga mpaka pamsewu waukulu, kuyang'ana uku ndi uku, kufunsa ogulitsa nthochi, n'kubwerako thukuta lili kamukamu. Kunalibe. Ndiye anawaonetsa ndi chala dothi latsopano limene linamatirira pamwamba pa magazi. Linali loyera, lonyezimira ngati mchere. Onse awiri anabadwira ndi kukulira m'dera limenelo, anayenda misewu yake yonse, ndipo dothi lotero anali asanalionepo.

"Ola limodzi lokha," anatero Mayi Shii. "Undipatse ola limodzi, iwe."

"Si ine wopereka, achemwali. Akupereka ndi mwanayo."

Anakhala pansi onse awiri, wina mbali iyi ya khomo, wina mbali inayo. Mayi Shii ankamufuna mwana wawo, ankamufuna ndi thupi lonse, mpaka m'mano. Ankafuna kuona ngati ananenepa kapena kuwonda, ngati anameta tsitsi, ngati ali ndi mwana kumsana. Ankafuna kunena pamaso pake zimene ananena kwa nsapato. Ankadziwanso kuti akatembenuza nsapatozo, mtsikanayo adzakalamba kwina kwake osadziwa kuti mayi ake anapepesa, ndipo iwo adzafa osadziwa ngakhale dzina la dera la dothi loyeralo. Anayesa kupemphera koma sanadziwe choti apemphe.

Galimoto inaliza hutala kumsewu ndipo onse anacheuka. Pobweza maso anapeza nsapato zonse ziwiri zitagona cham'mbali, kunsi kwake kukuoneka, koboola ngati sefa. Namwino anagwira pakamwa. Onse awiri anaziyang'ana osaphethira mpaka misozi inadzaza m'maso, ndipo Mayi Shii atapukuta nkhope ndi nsalu ya diresi, nsapatozo zinali zitaimanso, zala zitayang'ana m'nyumba, nsalu ya pamwamba itakalika. Mwanayo anali atagwa, n'kudzuka, n'kupitiriza. Sipanapite mphindi khumi zinachitikanso, ndipo ulendo uno zinatenga nthawi yaitali zisanaime.

Mayi Shii sanadikire kachitatu. Anagwada pasimenti ndi diresi la kutchalitchi lija n'kugwira nsapato yakumanzere ndi manja awiri. Inali yotentha, yoterera, ndipo inali yolemera, kulemera kwa phazi la munthu wamkulu amene waponda pansi. Inkakoka kulowera m'nyumba. Anachita kulimbana nayo monga amachitira mayi povula nsapato mwana amene sakufuna kusamba, ndipo namwino sanawathandize, poti ankadziwa kuti si ntchito ya wina. Anaitembenuza. Anatembenuzanso yakumanja, imene sinavute kwambiri. Zonse ziwiri zinayang'ana kumpanda, kumene kunali zovala za aneba pachingwe.

Kukoka kuja kunatha nthawi yomweyo. Nsapatozo zinapendekeka pang'onopang'ono, zidendene pansi zala m'mwamba, monga zimakhalira munthu akakhala pansi n'kutambasula miyendo. Aka kanali koyamba kuziona zikusuntha ndi maso awo. Namwino anaika zala ziwiri mkati, cha pa kakolo, n'kutseka maso, akuwerenga chamumtima. Anati mtima ukugunda, mothamanga ndiponso mofooka, koma ukugunda.

Anakhala choncho nthawi imene palibe anaiwerenga. Mayi Shii sanachotse dzanja pa nsalu yonyowayo. Ankaganiza za msewu wopanda munthu, dzuwa, ndi mtsikana amene wadzidzimuka pakati pa malo osawadziwa, osadziwa chimene wadzera. Ankaopa kuti amumasula mochedwa, ndiponso kuti amumasulira pamalo pamene palibe womuona.

Kenako chingwe cha nsapato yakumanja chinagwedezeka. Mfundo yake, imene inali itauma ndi magazi ndi dothi, inayamba kumasuka, osati mokoka, koma mosamala, kachidutswa kachidutswa, monga amamasulira munthu woopa kupweteka mnzake. Chingwecho chinasololoka m'mabowo ake limodzi limodzi. Nsalu inatambasuka m'mbali. Chimodzimodzi yakumanzere. Zala za Chisamba sizikanatha kuchita zimenezo pa nthawi imeneyo, ndipo mfundozo zinkamasulidwa kuchokera kutsogolo, kumbali ya munthu wogwada moyang'anizana naye.

"Pali anthu," ananong'ona Mayi Shii. "Amupeza."

Namwino anali akulira tsopano, koma mutu wake unali ukugwirabe ntchito. Anawagwedeza phewa.

"Auzeni asamupatse madzi ambiri nthawi imodzi. Pang'onopang'ono, ndi kamchere. Auzeni msanga, achemwali."

Mayi Shii anawerama mpaka chipumi kugunda simenti, n'kuika pakamwa pafupi ndi nsapato yakumanzere. Ananena za madziwo, ananena za mcherewo, anathokoza anthuwo, ndipo anayamba kuwauza kuti mtsikanayo ali ndi mayi. Koma nsalu inali itazizira kale m'manja mwawo, ndipo atainyamula inali yopepuka. Zinali nsapato basi.